Buku la Nkhondo ya Ciwaya, ndi Mangawa Athu kwa Okalamba

Mwezi wa November uli wonse, pa Lamulungu laciwiri, asilikari amafola pa nsanja ya cikumbutso ku Zomba, lipenga limalira, akuru amaika nkhata za maluwa, ndipo khamu lonse limakhala cete kanthawi. Pa mipando ya patsogolo pamakhala okalamba owerengeka obvala mamendulo pacifuwa. Ndipo ali yense amene wapenya mwambo umenewu zaka zingapo adziwa kuti okalambawo ali kucepa caka ndi caka. Za iwowa tifuna kulankhula nanu mwezi uno, awerengi okondedwa, ndiponso za buku lina lolembedwa ndi munthu amene anakhala pansi namvera atate ao, aja a nkhondo yoyamba, akali moyo. Tidzaliika bukulo pa muyeso, kuti tione ubwino wace ndi kuperewera kwace. Koma tikucenjezeranitu kuti pomaliza mlandu udzatembenukira kwa ife eni mudzi.

Dzina la bukulo ndilo The Chiwaya War, ndiko kunena kuti Nkhondo ya Ciwaya. Mlembi wace ndiye Melvin Page, munthu wa ku America, amene anaphunzitsa mbiri yakale pa Chancellor College m'zaka zoyamba za m'ma 1970. M'masiku amenewo iyeyo ndi anyamata omthandiza anayendayenda m'midzi ya dziko lino atanyamula makina osunga mau, nafunsa okalamba oposa 100 amene anaona ndi maso ao nkhondo ya 1914 kufikira 1918. Bukulo linasindikizidwa ku America m'caka ca 2000, ndipo linasindikizidwanso ku Mzuzu m'caka ca 2021. Ciwaya ndilo dzina limene makolo athu anaicha mfuti ija yolabvula zipolopolo mosapuma. Ndipo posankha dzina limeneli mlembi anaonetseratu kuti afuna kuipenya nkhondoyo ndi maso a anthu a kuno.

Popeza ambiri a inu munabadwa nkhondo imeneyo itayamba kale kuiwalika, tiyambe takukumbutsani mwacidule. Dziko la kumpoto kwathu, limene lero tilicha Tanzania, linali m'manja mwa Ajeremani. Nkhondo itabuka ku Ulaya mu August 1914, siinacedwe kufika pa nyanja yathu: pa 13 August sitima ya Angerezi yochedwa Guendolen inaononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, iri pagombe ku Sphinxhaven, kumene tsopano achula Liuli, ndipo pa 9 September magulu awiriwo anakomana ku Karonga. Mu November caka comweco John Chilembwe analemba kalata ku nyuzi ya Nyasaland Times, kudandaula kuti mwazi wa anthu akuda uli kukhetsedwa pa mlandu wosaudziwa iwo. Mu January 1915 anaukira Boma, naphedwa mwezi wotsatira. Kuyambira 1916 kazembe Northey anatsogolera magulu a nkhondo kucokera kuno kulowa m'dziko la Ajeremani. Kazembe wao, von Lettow-Vorbeck, anaolokera ku dziko la Apwitikizi mu November 1917, nazungulira nao m'mapiri ndi m'madambo, kufikira anapereka zida ku Abercorn, ndiko ku Mbala m'dziko la Zambia, pa 25 November 1918, nkhondo ya ku Ulaya itatha kale masabata awiri.

Tsono taonani ciwerengero. Dziko la Nyasaland masiku amenewo linali ndi anthu ongopitirira 1,000,000. Mwa amenewa pafupifupi 19,000 analowa usilikari, ambiri a iwo m'gulu la King's African Rifles, limene kwathu kuno timati Keyala. Koma olembedwa kukhala amtengatenga anafika pafupifupi 200,000. Cifukwa cace ncomveka. Kumene kunali nkhondoko kunalibe miseu yoyenera magalimoto, ndipo nchenche za kashembe zinali kupha ng'ombe, akavalo ndi aburu. Motero ufa, zipolopolo, mahema ndi mankhwala zinayenda pamutu pa munthu. Munthu mmodzi amasenza mapaundi 50 kapena kuposa. Ndipo ngati adya mapaundi 2 pa tsiku, ulendo wa masiku 25 umathera katundu wace yense m'mimba mwa iye mwini. Cotero panafunika ena osenzera anzao cakudya, ndi enanso osenzera iwowo. Ndipo phoso likacedwa, woyamba kugona ndi njala anali wosenza yemweyo. Ambiri anafa ndi kamwazi, malungo ndi cibayo, osamuona ndi Mjeremani yemwe.

Ubwino woyamba wa buku ili uli pomwepa. Mabuku a nkhondo imeneyi analipo kale, olembedwa ndi akazembe ndi akuru a Boma. Koma m'menemo mtengatenga amawerengedwa pamodzi ndi matumba, monga ngati iye ndi katundu wace ndi cinthu cimodzi. Page anapita kwa mwini mutu umene unasenza thumbalo, namfunsa. Potero powerenga timamva zimene makalata a Boma sazinena: m'mene amithenga amafikira pamudzi kudzagwira anthu, m'mene amuna amagonera kuthengo kuthawa kulembedwa, m'mene mfumu ya mudzi imapanikizidwira pakati pa Boma ndi ana ace, ndi m'mene odwala amatsalira m'mbali mwa njira ulendo uli kupitirira. Okalambawo anaicha nchito imeneyi thangata, dzina lomwe lija la nchito yokakamiza ya m'minda ya Azungu; ndipo liu limodzi limeneli litiululira mtima wao koposa masamba khumi a m'ofesi.

Ubwino waciwiri ndiwo kuti mlembi sanangomeza zonse. Munthu wosimba zimene anaziona zaka 55 zapitazo amasokoneza miyezi, nasinthanitsa maina a mitsinje, ndipo nthawi zina amadziika yekha pamalo pamene panaima mnzace. Page anadziwa ici, nalinganiza mau a okalamba ndi makalata osungidwa m'nyumba za Boma. Alipo ena ophunzira amene amanyoza mbiri ya pakamwa, nati cimene sicinalembedwe sicikhulupirika. Iwowa aiwala kuti wolemba kalata nayenso anali munthu, wofuna kukondweretsa mkuru wace ndi kubisa zocititsa manyazi. Kalata imasunga tsiku ndi ciwerengero. Njala, mantha ndi kulemera kwa thumba zimasungidwa ndi iye amene anazimva m'thupi. Mboni ziwirizi zikaimikidwa pabwalo limodzi mlandu umamveka, ndipo buku ili liziimika pabwalo limodzi.

Ubwino wacitatu ndiwo kuti bukulo silithera kumene kunalira mfuti, koma libwerera nafe kumudzi. Tionamo minda yosowa amuna oilima, nkhokwe zopungulidwa kuti adye ankhondo, ndi nthenda ya fuluwenza imene inafika cakumapeto kwa 1918, nigwetsa ambiri amene nkhondo inawasiya. Tionamo aphunzitsi ndi ena a m'mamishoni akupita nao monga akapitao ndi othandiza odwala, ndi anthu akudzifunsa funso lolemera, la m'mene mitundu ya cipembedzo cimodzi ingaphanirane cotero. Tionamonso magule otsanzira kufola kwa asilikari akufala m'midzi. Mnyamata wobvina beni, malipenga kapena mganda lero, ataima mumzere ndi anzace atabvala zoyera, ali kusenza cikumbutso ca masiku aja m'miyendo mwace, ngakhale sanauzidwe.

Tsopano tinene zoperewera, pakuti woyamika kokha sanayese kanthu.

Coyamba ndico cinenero. Okalambawo analankhula Cinyanja, Ciyao, Citumbuka ndi zinenero zina za kuno. Ndipo m'magulu a Keyala a dziko lino cinenero colamulira ndi coceza cinali Cinyanja. Koma m'bukumo onse alankhula Cingerezi. Mau akaoloka mtsinje wotere amasiya zambiri kutsidya: mwambi umasanduka ciganizo wamba, nthabwala imafa, ndipo kuusa moyo kwa munthu asanachule dzina la mbale wace sikuoneka papepala. Coipa ceni ceni ndi ici, kuti mdzukulu wa mtengatenga amene sanapite patali ndi sukulu sangathe kuwamva agogo ace omwe, ngakhale buku liri m'manja mwace.

Caciwiri ndico kuti wofunsayo anali mlendo, ndipo mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Munthu wamkuru sauza mlendo wa tsiku limodzi zimene zimamdzutsa pakati pa usiku. Ndiponso zaka zimenezo zinali za cipani cimodzi, pamene munthu amayamba wapenya uku ndi uku asanalankhule pamaso pa makina. Ife tiyesa kuti zambiri zinatsala m'mitima, nizipita nao kumanda.

Cacitatu ndico kuti mau a amai ndi ocepa powalinganiza ndi a amuna. Komatu mai amene analima yekha, nasinja ufa wa ankhondo, nalera ana osadziwa ngati ali wamasiye kapena iai, ameneyo anamenya nkhondo yace ya zaka zinai pakhomo.

Cacinai ndico kuti buku la munthu wophunzira limadula nkhani za anthu m'zidutswa, niziika m'mitu monga afunira mlembi: pano mau awiri a uyu za njala, apo mau atatu a uja za malipiro. Wowerenga sakhala ndi munthu mmodzi kucokera tsiku logwidwa kufikira tsiku lobwerera. Apa tiyenera kumcitira cilungamo Page, pakuti m'caka ca 2021 anaturutsa mabuku ena ochedwa Chiwaya War Voices, m'mene anaikamo mafunso ndi mayankho monga anatsatana. Anacita bwino ndithu. Koma nawonso ali m'Cingerezi.

Ndipo tsopano penyetsani zoperewera zinaizi, muone kumene ziloza. Cinenero cimene mlendoyo anacisowa, ife tinabadwa naco. Nthawi imene iye analibe, ife tinali nayo, cifukwa okalambawo timadya nao m'mbale imodzi zaka makumi. Amai amene iye sakanatha kukhala nao pamtondo anali agogo athu. Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo tiyamika kalumoko. Koma nzocititsa manyazi kuti pamudzi ponse panasowa mwini mudzi wonola kace. Sitinganene kuti nchito yotere siitheka kwa munthu wa kuno. Samuel Josia Ntara anayendera akuru akuru, nalemba Mbiri ya Acewa m'cinenero cathu m'zaka za m'ma 1940, ndipo kufikira lero tiri kudya za m'nkhokwe imeneyo. Njira inalambulidwa, oitsata ndiwo anacepa.

Tibvomereze colakwa cathu ife amene tiri kulemba. Nkhondo yaciwiri, ya 1939 kufikira 1945, inatenga anyamata a dziko lino kunka nao kutali koposa atate ao: ku Somaliland mu 1940, ku Abyssinia mu 1941, ku cisumbu ca Madagascar mu 1942, ku Ceylon, ndi ku Burma mu 1944, kumene anayenda m'cigwa ca Kabaw nyengo ya mvula pomenyana ndi Ajapani. Pamudzi pathu panali mkuru wina amene anafika ku Burma kumeneko. Amakhala pampando wa kumbuyo m'chalichi, cifukwa ca mwendo wace wosapindika bwino. Madzulo pamoto akayamba kusimba za sitima yaikuru ngati phiri, za mvula yosakata ndi za misundu yolowa m'nsapato, ife anyamata timatsinana, nkumati agogo ayambanso zao zija, ndipo mmodzi mmodzi timazemba. Tsiku la maliro ao mwana wao anaturutsa kacitini m'mene munali mamendulo, kabuku ka usilikari kodyewa ndi ciswe, ndi cithunzi ca anyamata anai obvala za nkhondo. Mmodzi tinamzindikira. Atatu enawo, pakhamu lonse lija panalibe wotha kuwachula maina, kapena kunena ngati anabwerera. Mwini kudziwa anali gone m'bokosi patsogolo pathu, ndipo zaka zonse anali wofuna kutiuza. Madzi akatayika saoleka.

Kapena wina adzati, Nkhondo zimenezo zinali za Azungu, tizikumbukirenji? Zoonadi mlandu unali wao. Koma mapazi amene anang'ambika anali a kwathu, ndi minda imene inagonera inali yathu. Tikataya mbiriyi cifukwa mlandu unali wa eni, tiri kuwasiya makolo athu m'mbali mwa njira kaciwiri. Winanso adzati, Kufunsa zotere ndi kutokosa cilonda. Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo tidzabwerako. Koma okalamba ambiri amene tinawadziwa sanakhale cete cifukwa ca cilonda. Anakhala cete cifukwa anaona kuti palibe wochera khutu.

Kumbukiraninso za maina. Pa nsanja ya ku Zomba palembedwa maina a asilikari a Keyala amene anafa m'nkhondo yoyamba, ndipo nkwabwino. Koma m'caka ca 2021 bungwe losamala manda a ankhondo, la Commonwealth War Graves Commission, linabvomera poyera kuti anthu osacepera 116,000, kapenanso kufika 350,000, ambiri a iwo a mu Africa, amene anafa m'nkhondo imeneyo, sanakumbukidwe ndi maina ao monga anakumbukidwira Azungu. Pakati pa oiwalika otere, amtengatenga ndiwo ocuruka. Dzina la munthu wotere, ngati likalipo, liri pakamwa pa mai wina wokalamba amene anamva ali mwana kuti atsibweni ao anapita ndi katundu kumpoto osabweranso. Mai ameneyo akatsikira kuli cete, dzinalo lidzatha pansi pano.

Nanga atsala ndani? A nkhondo yoyamba anatha onse. Mnyamata amene anali ndi zaka 18 mu 1945 anabadwa mu 1927. Werengani nokha zaka zace. Amene anatumidwa ku Malaya m'zaka zoyamba za m'ma 1950 apitirira zaka 90. Koma alipo akazi ao amasiye, alipo ana ao oyamba amene anamva nkhanizo pamoto. Alipo asilikari amene analondera njanji ya ku Nacala kuyambira 1987, pa nkhondo ya ku Mozambique, amene tsopano amera imvi. Aliponso amai ndi abambo amene anathawa nkhondo yomweyo nakhala pakati pathu. Tisayese kuti awa ngaang'ono ndipo adzadikira. Ndi momwe tinayesera ife za mkuru wa ku Burma uja.

Tsono ticite bwanji? Nchitoyi siifuna ndalama, ifuna ulemu ndi kudekha; kuona maso a nkhono nkudekha. Pitani awiri, wina wofunsa ndi wina wolemba, ndipo mmodzi akhale wa pabanja pomwepo. Yambani mwapempha, nimunene cimene mudzacita nao mauwo. Musayambe ndi kufunsa kuti anapha angati. Funsolo ndi la ana, ndipo litseka pakamwa. Funsani za tsiku locoka pamudzi, amene anawaperekeza, cimene amadya, amene amagona naye pafupi, kalata yoyamba imene analandira, ndi cimene anapeza pakhomo pobwerera. Akakhala cete, khalani cete nanunso. Akakana kunena cina, cisiyeni, pakuti cilondaco ncao. Kapena adzacinena ulendo wacitatu, kapena sadzacinena konse. Akasokoneza caka musawadule mau; lembani monga ananena, ndipo zokonza muziike pambali. Koposa zonse lembani m'cinenero cao ndi m'mau ao eni, osawakometsa. Pamwamba pa pepala ikani dzina lao lonse, mfunda wao, mudzi, mfumu, gulu la nkhondo ngati alikumbukira, ndi tsiku limene munaceza nao. Mukatha kwa abambo, pitani kukhala pamphasa ndi amai.

Masiku ano pafupifupi mudzi uli wonse uli ndi lamya ya m'manja yotha kusunga mau ndi zithunzi, cinthu cimene Page akadacilakalaka. Igwiritseni nchito, mujambulenso mamendulo, timabuku ndi zithunzi zakale ciswe cisanamalize. Koma lamya imatayika ndi kufa. Cifukwa cace tsanulirani mauwo m'kope. Mipingo yathu idziwa kusunga mabuku: maina a obatizidwa ndi a okwatitsidwa a zaka zambiri zapitazo akali m'mabokosi a alembi. Kodi nkobvuta kuti pambali pa mabuku amenewo pakhale kope limodzi la mbiri ya okalamba a mpingowo? Kope lina litsale ndi banja. Ndipo kumene kuli kotheka, lina lipite ku nyumba yosungira makalata a dziko ku Zomba. Aphunzitsi angathe kutuma ana a makalasi a pamwamba nchito imeneyi pa chuthi, ndipo anawo adzaphunzira kulemba ndi ulemu pa ulendo umodzi.

Ciweruzo cathu pa buku la Nkhondo ya Ciwaya ndi ici: ndi buku loona ndi lacifundo, loyenera kukhala m'sukulu iri yonse ya aphunzitsi, ndipo tipempha odziwa zinenero ziwiri kuti aganizire zolimasulira, kuti mau a makolo athu abwerere kwao. Amene mudziwa Cingerezi, lifuneni, nimuwerengere anzanu pakhonde. Koma mukalitseka musati nchito yatha. Bukulo lasunga mau a okalamba oposa 100 mwa zikwi zambirimbiri, ndipo lawasunga cifukwa munthu mmodzi anafika nthawi ikalipo. Pamudzi panu pali khomo limene mukulidziwa, pamene pamakhala munthu wothera dzuwa yekha m'mawa. Mau a akuru akoma akagonera, koma agonera kokha mwa iye amene anawamva. Gulani kope sabata lino, mupite kukaodira pakhomopo.